Safunsa adasowa zithunzi za ukwati

Patha miyezi itatu chichitikire ukwati. Keke idatha kalekale, diresi adabweza kwa eni ake, ngongole ya holo ikubwezedwa pang'onopang'ono, koma pakhoma la pabalaza mpaka lero palibe chithunzi cha akwati.

Mkwatibwi akaimba foni, wojambula akungoti akukonzabe. Tsiku lomwe zithunzizo zafika, zafika pa WhatsApp, zochepa zedi, ndipo agogo omwe adakwera minibasi kuchokera kumudzi kudzaona mdzukulu wawo akulowa m'banja sakuonekapo paliponse.

Akwati akuti adaberedwa masanasana. Naye wojambula akuti adagwira ntchito yomwe adalipidwa. Palibe adamuuza za alubamu, palibe adamulozera agogowo, ndipo iye adangouzidwa za kutchalitchi ndi kuholo basi.

Madandaulo otere si achilendo kwa aliyense yemwe adakhalapo m'komiti ya ukwati, kaya ndi ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi kapena ku Chinamwali. Koma nkhaniyi ikatsatidwa bwino, gwero la mkangano nthawi zambiri silipezeka pa tsiku la ukwati. Limapezeka miyezi ingapo m'mbuyo, pa uthenga woyamba womwe udapita kwa wojambula, wa mawu atatu okha: "Mumajambula zingati ukwati?"

Funso lopanda yankho

Funso limeneli likufanana ndi kufunsa mmisiri kuti nyumba amamanga zingati, osatchula zipinda, njerwa kapena malo. Mmisiri wanzeru amabweza mafunso. Wofuna ntchito msanga amangotchula mtengo wotsika, zotsalazo n'kudzakangana pambuyo.

M'nthawi ya filimu zinthu zidali zosavuta kumva. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula akabwera ndi mafilimu atatu a 36, aliyense ankadziwa kuti zithunzi sizipitirira 108. Akakatsuka kusitudiyo, mwini ukwati ankawerenga zithunzi m'manja n'kulipira. Chomwe chinkagulidwa chinkaoneka ndi maso.

Lero memore khadi imodzi imasunga zithunzi zikwizikwi. Chomwe mwini ukwati akugula tsopano ndi maola omwe wojambula akhale ali chiimire, anthu omwe abwere nawo, mtunda womwe ayende, komanso masiku omwe akhale pa kompyuta akusankha ndi kukonza zithunzi. Zonsezi wojambula sangazidziwe ngati sanauzidwe, ndipo mtengo womwe angatchule asanazidziwe ndi wongolota.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pa nkhani ya zithunzi phulalo limawawa kwambiri kaamba koti ukwati subwerezedwa. Telala akalakwitsa suti amasoka ina, koma mphete ikalowa pa chala kamera itayang'ana kwina, zatha.

Tsiku, malo ndi nthawi

Chinthu choyamba mu uthenga wabwino ndi tsiku lenileni, osati "chakumapeto kwa Ogasiti". Maukwati ambiri m'dziko muno amachitika m'chilimwe, anthu atakolola ndi kugulitsa mbewu, ndipo pafupifupi onse amalimbirana Loweruka. Mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe umapembedza Loweruka, umadalitsa maukwati ake ambiri Lamulungu. Wojambula wodziwika amakhala kuti masiku amenewa ena adawagwira kale, choncho tsiku likasowa mu uthenga, yankho lililonse lomwe angapereke ndi lopanda ntchito.

Chachiwiri ndi malo onse omwe kamera ikufunika. Ukwati umodzi umatha kukhala ndi malo asanu: kunyumba komwe mkwatibwi akuvalira, komwe mkwati akuvalira, kutchalitchi, kumalo kojambulirako akwati ndi owaperekeza, ndiponso kuholo. Ngati mkwatibwi akuvalira ku Chilomoni pomwe mkwati ali ku Bangwe, wojambula mmodzi sangakhale konsekonse 7 koloko m'mawa. Pamenepo pakufunika anthu awiri, ndipo mtengo usintha.

Mtunda nawo ndi ndalama. Wojambula wa ku Blantyre yemwe waitanidwa ku Lilongwe akuyenda makilomita oposa 300, zomwe zikutanthauza thiransipoti, malo ogona ndi chakudya. Uthenga uyenera kufunsa ngati zimenezi zili kale mu mtengo kapena ndi za komiti.

Chachitatu ndi nthawi yoyambira ndi yomalizira. Apa mpomwe makomiti ambiri amaiwala dzuwa. M'mwezi wa Juni, ku Blantyre ndi ku Lilongwe dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, pomwe mu Disembala limalowa itangodutsa 6 koloko. Perekaniperekani akatalika, monga amachitira nthawi zambiri, akwati amatuluka muholo kunja kutada, zithunzi za mabanja onse awiri zisanajambulidwe.

Nalo dzuwa la masana a Okutobala lili ndi vuto lake. Anthu amatsinzina, thukuta limawala pankhope, ndipo m'maso mumagwa mithunzi. Wojambula yemwe waona pulogalamu nthawi ikadalipo angathe kulangiza komiti nthawi yabwino yojambulira panja, kapena kupeza malo a mthunzi.

Mwambo uli ndi malamulo ake

Mawu oti "ukwati" amabisa miyambo yosiyanasiyana. Pali chinkhoswe, pali ukwati wa kutchalitchi, wa kumzikiti, wa kwa DC, komanso maphwando otsanzikana ndi mkwatibwi. Uliwonse uli ndi nthawi zake zomwe siziyenera kuphonyedwa.

Pa chinkhoswe, mwachitsanzo, chithunzi chomwe akuluakulu amadzachifuna si cha zovala zofanana za achinyamata ayi. Amafuna cha ankhoswe akupatsana nkhuku, tambala kuchokera kuchimuna ndi msoti kuchokera kuchikazi. Amafuna cha mnyamata akusankha bwenzi lake pakati pa atsikana ofundidwa zitenje, ndi cha mphatso monga khasu, nkhwangwa, lichero ndi mtondo zikuperekedwa. Wojambula yemwe sadauzidwe angathe kukhala akusintha batire panthawi yomwe zimenezi zikuchitika.

Kutchalitchi nako kuli malamulo. Abusa ndi ansembe ena salola wojambula kukwera kuguwa kapena kuthwanimitsa kuwala kwa kamera pa nthawi ya pemphero. Pa maukwati ena a Chisilamu amayi ndi abambo amakhala padera, ndipo banja lingafune wojambula wamkazi kumbali ya amayi. Izi mwini ukwati ndiye amazidziwa, ndipo ayenera kuzilemba.

Chiwerengero cha oitanidwa chimathandizanso. Phwando la anthu 80 pabwalo la nyumba silifanana ndi khamu lodzaza Comesa Hall. Ndi bwinonso kunena ngati holoyo ndi ya mdima komanso ngati ili ndi jenereta, poti magetsi a Escom akathima wojambula amadalira nyale ndi mabatire ake.

Chomaliza pagawoli ndi mndandanda wa anthu ofunika: makolo, agogo, ankhoswe, atsibweni, azakhali ochokera kutali. Wojambula ndi mlendo pabanjapo, sangadziwe kuti mayi wokalamba yemwe wakhala phee kumbuyo ndiye adalera mkwatibwi. Komiti yanzeru imasankha wachibale mmodzi wodziwa mbali zonse kuti aziyenda naye n'kumamulozera.

Kodi "zithunzi" n'chiyani?

Mkangano waukulu umabuka pa mawu amenewa. Mwini ukwati akati zithunzi, m'mutu mwake muli alubamu yolemera ndi fulemu yaikulu ya pabalaza. Wojambula akati zithunzi, mwina akunena mafayilo a pa flash disk.

Uthenga uyenera kutchula chinthu chilichonse pachokha. Zithunzi zokonzedwa bwino zikhale zingati? Zotsuka zikhale zingati, ndipo za saizi yanji? Alubamu ilipo, ya masamba angati? Mafulemu angati? Vidiyo ilipo, ndipo ndi ya mwambo wonse kapena ya mphindi zochepa zongosankha? Kodi wojambula zithunzi ndi yemwenso agwire kamera ya vidiyo, kapena pali wina?

Njira yolandirira zithunzi ndi yofunikanso. Chithunzi cha pa foni kapena kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Kuti chithunzi chaching'ono cha masentimita 10 ndi 15 chituluke bwino papepala, pamafunika timadontho pafupifupi 1 200 m'lifupi ndi 1 800 m'litali. Cha pakhoma cha saizi ya A3 chimafuna pafupifupi 3 500 ndi 5 000.

WhatsApp imachepetsa chithunzi chilichonse chotumizidwa mwa nthawi zonse n'cholinga chopulumutsa bandulo. Pa foni chimaoneka bwinobwino, koma chikakuzidwa kuti chilowe mu fulemu nkhope zimachita chimbuuzi. Ngakhale batani la HD lomwe lidabwera mu 2023 limachepetsabe pang'ono. Chithunzi chimafika chathunthu chikatumizidwa ngati document, pa flash disk, kapena kudzera pa malo osungira zinthu pa intaneti monga Google Drive. Wolemba uthenga anene poyera kuti akufuna zithunzi zosachepetsedwa.

Kenaka pali funso lomwe ambiri amachita nalo manyazi: zithunzi zidzatuluka liti? Yankho loti "posachedwa" si yankho. Pafunika chiwerengero cha masabata, ndipo alubamu ndi vidiyo zikhale ndi masiku awoawo poti zimatenga nthawi yosiyana.

Nkhani ya ndalama

Anthu ambiri amabisa ndalama zomwe apatula poopa kuti wojambula akweza mtengo kuti ufike pomwepo. Manthawo ndi omveka, koma kubisako kumatayitsa nthawi mbali zonse. Wojambula akadziwa ndalama zomwe zilipo amatha kunena chomwe chingatheke: mwina maola asanu m'malo mwa tsiku lonse, mwina zithunzi popanda vidiyo. Ngati sizikutheka, amanena msanga, komiti n'kukafunsa kwina.

Uthenga ufunsenso za dipoziti: ndi zingati, yotsala idzalipidwa liti, ndipo ukwati ukasunthidwa kaamba ka maliro kapena matenda, ndalamayo idzatani. M'mabanja a kuno maliro amasuntha ukwati nthawi ina iliyonse, choncho funsoli si lotemberera ayi.

Funso lina ndi loti mtengowo ukhala osasintha mpaka liti. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Makamera, mabatire, inki ndi mapepala otsukira zithunzi zimachokera kunja, kotero kwacha ikagwa mitengo ya zinthuzi imakwera. Banja lomwe lidamvana mtengo miyezi isanu ndi umodzi ukwati usanafike liyenera kudziwa ngati dipoziti yatseka mtengowo kapena ayi.

Polipira, Airtel Money, TNM Mpamba kapena banki zili ndi ubwino woti zimasiya umboni wa tsiku, ndalama ndi dzina la wolandira. Wolipira pamanja apemphe risiti. Achibale omwe ali ku Johannesburg kapena ku London, omwe nthawi zambiri ndiwo amalipira wojambula asadamuonepo, ayenera kutuma munthu kuti akaone situdiyo ndi maso asanatumize kalikonse.

Wofunsa naye afunse

Uthenga wabwino sungofotokoza, umafunsanso. Funso loyamba ndi lopempha kuona zithunzi zonse za ukwati umodzi womwe wojambulayo adagwira, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zomwe zimaikidwa pa Facebook kapena Instagram ndi zosankhidwa, khumi zokongola mwa mazana. Luso lenileni limaoneka pa zithunzi za m'tchalitchi cha mdima ndi za pa chipwirikiti cha perekaniperekani.

Lachiwiri ndi lofuna kudziwa yemwe adzabwere. Situdiyo zina zimalandira maukwati angapo Loweruka limodzi n'kugawa anyamata. Palibe cholakwika pamenepo ngati zanenedwa, koma banja lomwe lidakopeka ndi ntchito ya mwini situdiyo liyenera kudziwiratu ngati kudzabwere wina.

Lachitatu ndi la zida. Kodi ali ndi kamera yachiwiri yoti ina ikafa? Kodi zithunzi amasunga malo angati? Memore khadi imawonongeka, laputopu imabedwa. Makamera ena amalemba chithunzi chilichonse pa makhadi awiri nthawi imodzi, ndipo wojambula wosamala amakopera ntchito yake pa malo awiri tsiku lomwelo. Ndi bwinonso kufunsa kuti zithunzizo adzazisunga kwa nthawi yaitali bwanji akazipereka, komanso yemwe adzabwere m'malo mwake iye akadwala.

Pali nkhani inanso ya ojambula osaitanidwa, omwe amafika kutchalitchi, kujambula alendo, kuthamangira kukatsuka, n'kudzayala zithunzi pakhomo la holo kuti azigulitsa. Mabanja ena amawalola, ena safuna. Wojambula wolembedwa ntchito ayenera kudziwa maganizo a komiti, poti iwowa amatha kumutchinga pa nthawi yofunika.

Eni zithunzi ndani?

Mkwatibwi wina amadzidzimuka kuona nkhope yake pa chikwangwani chotsatsa malonda a situdiyo, kapena zithunzi zake zili pa Facebook iye mwini asadazione. Naye wojambula amakwiya akaona chithunzi chake chikutsatsa malonda a saluni popanda chilolezo.

Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito za aluso, kuphatikizapo zithunzi, ndipo bungwe la Cosoma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira za umwini wa ntchito zotere m'dziko muno. Kulipira wojambula pakokha sikuthetsa mafunso onse a yemwe angachite chiyani ndi zithunzizo. Njira yachidule ndi kumvana polemba: kodi akwati angatsuke zithunzi kulikonse komwe afuna? Kodi wojambula angazigwiritse ntchito potsatsa malonda ake? Ngati banja silifuna kuti ana kapena akuluakulu ena aoneke pa intaneti, linene mu uthenga woyamba womwewo.

Chitsanzo cha uthenga

Zonsezi zikuoneka zambiri, koma zimakwana mu uthenga umodzi wowerengeka m'mphindi ziwiri. Nachi chitsanzo, ndipo malo, tsiku ndi ndalama zomwe zatchulidwa ndi zongoyerekeza:

"Muli bwanji bambo? Ndine wapampando wa komiti ya ukwati wa mchemwali wanga. Nambala yanu andipatsa ndi anzanga omwe mudawajambula chaka chatha.

"Ukwati uliko Loweruka pa 15 Ogasiti chaka chino ku Blantyre. Mkwatibwi adzavalira ku Chilomoni ndipo mkwati ku Bangwe, onse kuyambira 7 koloko m'mawa. Kutchalitchi ndi ku Chilomoni komweko 9 koloko, madyerero ndi kuholo ina ku Limbe kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko. Tikuyembekeza anthu 300. Abusa salola kujambula kuguwa pa nthawi ya pemphero.

"Tikufuna zithunzi zokonzedwa zosachepera 300 pa flash disk, zosachepetsedwa, alubamu imodzi, mafulemu awiri a A3, ndi vidiyo ya mwambo wonse. Mndandanda wa achibale ofunika tidzakupatsani, ndipo padzakhala munthu wokulozerani. Komiti yapatula K600 000.

"Chonde tiuzeni ngati tsikuli muli ndi mpata, mtengo wa chilichonse pachokha, ngati thiransipoti ili momwemo, dipoziti ndi zomwe zimachitika tsiku likasintha. Tiuzeninso yemwe adzabwere, masabata omwe tidzadikire, ndi komwe tingaone zithunzi zonse za ukwati umodzi womwe mudajambula. Sitikufuna kuti zithunzi ziikidwe pa intaneti akwati asanavomereze. Komiti ikumana Lamulungu likudzali, choncho tingakondwe kumva yankho pofika Lachisanu. Zikomo kwambiri."

Uthenga wotere uli ndi ubwino wina. Ukatumizidwa kwa ojambula atatu osasintha liwu, mayankho awo amafanizika mosavuta, poti onse akuyankha funso limodzi. Komiti imaona yemwe ndi wotchipa zenizeni ndi yemwe wangochotsa alubamu kuti mtengo uoneke wotsika.

Mayankhidwe nawo amaulula munthu. Yemwe wayankha funso lililonse, n'kufunsanso ake, akuonetsa mmene adzagwirire ntchito. Yemwe wangoyankha kuti "osadandaula, zonse tipanga, tumizani dipoziti" wasiya mafunso onse poyera.

Zolembedwa siziiwalika

Makomiti ambiri amamaliza nkhani pa foni kapena pamaso. Kukambirana n'kwabwino, koma pakatha miyezi aliyense amakumbukira zomukomera. N'chifukwa chake zomwe zamvanidwa pakamwa ziyenera kulembedwanso mu uthenga wachidule, wojambula n'kuyankha kuti wavomera. Ngati situdiyo ili ndi pepala la mgwirizano, liwerengedwe lonse lisanasainidwe.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga olembedwa pa makina monga foni ndi kompyuta, choncho mauthengawa ndi ofunika kuwasunga pamodzi ndi umboni wa malipiro. Zinthu zikavuta, wodandaula angathe kupita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula, kapena kukhoti la majisitireti. Konseko funso loyamba lidzakhala lofuna kudziwa zomwe mbali ziwirizo zidagwirizana, ndipo yemwe ali ndi mawu atatu okha aja adzasowa chosonyeza.

Komabe khoti lingabweze ndalama zokha. Silingabweze agogo aja pa mpando wawo wa kutsogolo, atavala chitenje chatsopano, akuyang'ana mdzukulu wawo. Chithunzi chimenecho chimapezeka pokhapokha wina atakhala pansi miyezi ingapo ukwati usanafike, n'kulemba dzina lawo pa mndandanda wopita kwa wojambula.